KUSUNTHA MAU PANG'ONO PANG'ONO POJAMBULA NYIMBO PA KOMPYUTA

Mkonzi wa magazini athu anandipeza ku laibulale tsiku lina madzulo nati kwa ine, "Iwe ndiwe umabindikira m'chipinda cha makompyuta pamene anzako ali ku mpira, tatilembera chimene umachita m'menemo." Poyamba ndinakana, pakuti sindine katswiri ai, ndipo kanthu kamene ndidziwa ndinakatola pa zolakwa zanga zomwe. Koma nditakumbukira zimene zinaoneka m'teremu yapitayi, pamene tinali kujambula nyimbo ya kwaya yathu yotsanzikana ndi a Fomu 4, ndinabvomera. Pa nthawi imeneyo mtsikana wina wa Fomu 2 anatsala pang'ono kulandidwa malo ake otsogolera nyimbo chifukwa cha mlandu umene sunali wake konse, ndipo mlandu wonsewo unali wa kanthawi kochepa koposa kuphethira kwa diso.

Ndiyambe ndi kufotokozera anzanga amene sanaonepo nchito imeneyi. Masiku ano wofuna kujambula nyimbo safunanso nyumba yodzala ndi makina. Kompyuta imodzi, maikolofoni ndi pulogalamu yoyenera zikwanira. Mapulogalamu otere alipo ambiri. Pro Tools inatuluka m'chaka cha 1991, ndipo ipezeka m'mastudio akuluakulu. Audacity, imene iri yaulere, inatuluka mu 2000, ndipo Ableton Live inachokera ku Berlin mu 2001. FL Studio, imene anyamata ambiri opanga nyimbo m'matauni mwathu muno aikonda, ndi ya kampani ya ku Belgium yotchedwa Image-Line, ndipo kufikira 2003 dzina lake linali FruityLoops. Maonekedwe ao asiyana, koma onse agwirizana pa chinthu chimodzi. Mukatsegula muona mizere yopingasa yonga ya m'munda, mzere uli wonse ndi mwini wake: wina wa ng'oma, wina wa kwaya, wina wa wotsogolera nyimbo. Nthawi iyenda kuchokera kumanzere kunka kumanja. Chiri chonse chimene mwajambula chikhala pa mzere wake ngati kabokosi, ndipo m'kati mwa kabokosiko muoneka chithunzi cha mafunde a mauwo. Pa Chizungu kabokosi aka akuti clip, koma ine ndidzakatcha chidutswa. Mukachikokera kumanzere mau ake amveka msanga, mukachikokera kumanja amveka mochedwa. Phunziro langa lonse lagona pa kukoka kumeneku.

Kuonjezera pa mizere yopingasayo pali mizere yina yoimirira, yonga ya m'kope la masamu, imene akuti grid. Iyo isonyeza pamene pagwera kugunda kuli konse kwa nyimbo. Palinso kabatani, kawirikawiri kokhala ndi chithunzi cha maginito, kotchedwa snap. Kakayatsidwa, chidutswa sichilola kuima pakati pa mizere iwiri. Mukangochisiya chithamangira ku mzere umene uli pafupi, monga msomali uthamangira ku maginito. Pomanga nyimbo, monga pobwereza kolasi kapena posanja zigawo zazikulu, kabatani aka ndi bwenzi ndithu, pakuti kakuthandizani kuika zinthu pa malo ake osabvutika. Koma tsiku limene mufuna kusuntha chidutswa pang'ono pokha, ndiko kamene kadzakukanizani.

Tsono tiwerengere, pakuti munthu wosadziwa kukula kwa mpata wa pakati pa mizereyo sadziwanso chimene dzanja lake likuchita. Sekondi imodzi igawidwa m'tizigawo 1,000, ndipo kagawo kamodzi ndi milisekondi. Chotero m'mphindi imodzi muli mamilisekondi 60,000. Nyimbo yathu inali kugunda ka 100 pa mphindi. Mukagawa 60,000 ndi 100 mupeza 600, ndiye kuti kuchokera pa kugunda kumodzi kufikira kwina panali mamilisekondi 600. Anthu ambiri agawa kugunda kumodzi panayi, ndipo ifenso tinatero; mpata wa pakati pa mizere yathu unali mamilisekondi 150. Sungani nambala imeneyi, tidzaifuna.

Pansi pa milisekondi palinso muyeso wina wochepetsetsa. Kompyuta posunga mau iwayesa kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kuyesa kumodzi akuti sampulo. Pa ma CD, amene anayamba kugulitsidwa mu 1982, masampulo ali 44,100 pa sekondi. A mafilimu akonda 48,000. Ife tinajambula pa 44,100, kotero kuti m'milisekondi imodzi munali masampulo 44 ndi kanthu pang'ono.

Nkhani yake inayenda motere. Loweruka lina tinasonkhana m'holo yodyera, titakankhira matebulo ku khoma. Woimba ng'oma anabvala mahedifoni kuti azimva kugogoda kwa metronome, ndiko kachipangizo kosunga liwiro la nyimbo, ndipo kwaya inaimba pamodzi naye. Titatha ndinatenga zidutswa za ng'oma ndi za kwaya pamodzi, ndi kuziika kuti kugunda koyamba kugwere pa mzere woyamba. Zonse zinali bwino. Lolemba lake mtsikana wotsogolera nyimbo uja anabwera m'chipinda cha makompyuta kudzaimba gawo lake yekha, akumvera anzake m'mahedifoni. Ife tomwe tinali naye m'chipindamo tinamva kuti waimba mokoma. Koma titabwezera kuti timve zimene zajambulidwa, taonani, mau ake anali kudza m'mbuyo mwa ng'oma, monga mwana wotsatira amake pa njira ya ku chigayo. Anaimbanso kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzinso.

Aphunzitsi oyang'anira kwaya anati, "Mwana iwe, bwanji ukukoka mapazi? Kodi ng'omayo sukuimva?" Iye anayankha ndi mau a pansi, "Aphunzitsi, ine ndikuimba pamodzi ndi ng'oma ndithu." Ena anaseka. Aphunzitsi anagamula kuti ayesenso Lachitatu, ndipo akalepheranso gawolo lipatsidwe kwa wina. Ndiyenera kuulula kuti inenso ndinaonjezera moto. Ndinagwira chidutswa chake ndi kuchikokera kumanzere, snap iri yoyatsa, ndipo chinalumpha mzere wathunthu, mamilisekondi 150. Tsopano iye anamveka akuthamangira kutsogolo kwa onse. Ine ndinati, "Onani, uku achedwa, uku afulumira, sagwira nyimbo ameneyu." Mau amenewo andichititsa manyazi kufikira lero.

Usiku umenewo pa nthawi ya prep sindinawerenge kanthu. M'mawa mwake ndinapempha kiyi, ndinakulitsa chithunzi cha mafunde, ndi kuyang'ana kuimba kwake konse kutatu, kumodzi pansi pa kunzake. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti konse kutatu kunachedwa mofanana, poyamba pa nyimbo, pakati, ndi potsiriza pomwe. Munthu wochedwa sachedwa chotero. Iye achedwa pano kwambiri, apo pang'ono, ndipo akazindikira athamanga kuti apeze anzake. Chochedwa mofanana nthawi zonse ndi makina. Pokumbukira kuti safunsa anadya phula, ndinapita kwa aphunzitsi a Physics, ndipo iwo anandiuza njira yoyesera imene mwana ali yense angathe kuchita. Mugunditse hedifoni pa maikolofoni, muyatse metronome, ndi kujambula kugogoda kwakeko. Ngati zonse ziri bwino, kugogoda kojambulidwako kudzagwera pa mizere peni peni. Kwathu sikunatero. Kuli konse kunagwera kumanja kwa mzere wake ndi mamilisekondi 52.

Kuchedwa kumeneku akuti latency, ndipo chifukwa chake n'chosabvuta kumva. Kompyuta sinyamula mau sampulo imodzi imodzi, koma iyamba yawaunjika m'kamulu, monga mai atunga madzi kufikira ndowa idzale asanaisenze. Pa kompyuta yathu yakale ija kamuluko kanali ka masampulo 1,024. Mukagawa 1,024 ndi 44,100 mupeza pafupifupi mamilisekondi 23. Ng'oma inachedwa 23 potuluka kunka ku makutu a woimba, mau ake anachedwanso 23 polowa, ndiyo 46, ndipo otsalawo anataika m'zipangizo zina za m'njira. Mapulogalamu ambiri akonza okha kuchedwa kotere akauzidwa bwino kukula kwake, koma ife sitinadziwe n'komwe kuti pali malo otere oti tikonze. Mtsikanayo anaimba pa nthawi yake peni peni monga anamvera. Kompyuta ndiyo inalemba mau ake pa malo olakwa.

Wina angafunse kuti kodi khutu lingamve bwanji kanthawi kochepa chotere. M'chaka cha 1949 Mjeremani wina dzina lake Helmut Haas anafufuza nkhani yonga imeneyi ku Göttingen, ndipo anapeza kuti mau a munthu akabwerezedwa pasanapite mamilisekondi pafupifupi 30, khutu liwaphatikiza ngati mau amodzi. Koma mpata ukafika cha ku 50 ndi kupitirira, kubwereza kuja kuyamba kumveka pa kokha. Iye anayesa mau amodzi obwerezedwa, osati woimba ndi ng'oma, komabe ziwerengero zake zitipatsa chithunzi cha kukula kwa 52. Ndi kanthawi kosakwanira kuti munene kuti woimba waphonya kugunda, koma kokwanira kuti mtima wanu usakhazikike pomvera.

Tsono bvuto linali lakuti ndisunthe chidutswa mamilisekondi 52 kumanzere, osati 150, osatinso 50 kapena 60. Choyamba ndi kumasula chidutswa ku maginito aja. Mungathe kuzimitsa snap konse, kapena kuiletsa kwa kanthawi pogwira batani lina pamene mukukoka: mu FL Studio ndi Alt, mu Ableton Live ya pa Windows ndi Alt yomweyo, ndipo mu Reaper ndi Shift. Koma kumasula kokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri tilakwira. Nyimbo yathu inali ya mphindi 4, ndiwo mamilisekondi 240,000. Galasi la laputopu yathu liri ndi timadontho topitirira pang'ono 1,300 m'lifupi mwake. Ngati nyimbo yonse ikuoneka pa galasi nthawi imodzi, kadontho kamodzi kaimira mamilisekondi pafupifupi 180. Ndiye kuti ngakhale dzanja lanu likhale losanjenjemera ngati la dokotala, kusuntha kwanu kochepetsetsa kuposa katatu mtunda umene mufuna. Muyenera kukulitsa chithunzi kufikira kugunda kumodzi kokha kutadzaza galasi lonse, ndipo pamenepo dzanja liyamba kukhala ndi nchito.

Ngakhale ziri chomwecho, ine ndiyesa kuti pamene mudziwa nambala, ndi bwino kulemba nambalayo koposa kukhulupirira dzanja. Pafupifupi pulogalamu iri yonse iri ndi malo osonyeza nthawi imene chidutswa chiyambira, ndipo ambiri alola kulembamo. Chidutswa cha mtsikana uja chinayambira pa masekondi 19.200, ndinachotsapo 0.052 ndi kulemba 19.148, basi nchito inatha. Mu Pro Tools njira imeneyi akuti Spot. Njira yina ndi imene akuti nudge, ndiko kukankha chidutswa sitepe imodzi imodzi ndi mabatani, inu mutasankhiratu kukula kwa sitepeyo. Mu Pro Tools musankha, monga milisekondi imodzi kapena sampulo imodzi, ndi kudina mabatani a kuphatikiza ndi kuchotsera a ku mbali ya manambala. Mu Reaper batani la N litsegula kabokosi kolembamo mtunda ndi mbali yosunthira. Ubwino wa nudge ndi wakuti mungathe kuwerenga masitepe anu, ndipo mukapitirira mubwerera ndi masitepe omwewo. Pamene mzere wathunthu wachedwa mofanana, monga zinaliri kwa ife, Ableton Live iri ndi malo otchedwa Track Delay, amene mukalembamo nambala yochotsera mzere wonsewo umveka msanga, zidutswa zake zosakhudzidwa.

Anzanga a FL Studio ndiwachenjeze pa kanthu kamodzi kobisika. Pulogalamu imeneyi iwerenga malo a zidutswa ndi timagawo ta kugunda, ndipo mukangoitsegula kugunda kumodzi kuli ndi timagawo 96. Pa liwiro la 100, kagawo kamodzi ndi 600 kugawa ndi 96, ndiwo mamilisekondi 6.25. Ngakhale mugwire Alt, chidutswa chiyenda masitepe a kukula kumeneko. Pa nchito zambiri sibvuto, koma pa nchito yosalala mupite ku zokonzera za project, pa malo olembedwa PPQ, ndi kukweza nambalayo kufikira 960. Pamenepo sitepe ichepa kakhumi.

Lachitatu lija mtsikana uja sanaimbenso. Ndinaseweretsa kuimba kwake koyamba kwa Lolemba kuja, kosunthidwa ndi 52, ndipo m'chipinda monse munangoti zii. Mau ake anakhala pa ng'oma ngati chibvundikiro pa mphika wake. Aphunzitsi anatembenukira kwa iye pamaso pa tonse nati, "Pepa mwana wanga, tinakulakwira." Ine ndinapepesa pambuyo pake, kuseri, pakuti mtima wa aphunzitsi ndinalibe.

Aphunzitsi a Physics aja anandiuzanso za m'mene akale anali kuchitira nchito yomweyi, ndipo ndinaona kuti ife tiri pa mwai. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 nyimbo zinali kujambulidwa pa tepi yoyenda mainchesi 15 pa sekondi, ndiwo masentimita 38.1. Pa liwiro limenelo mamilisekondi athu 52 akadakhala tepi ya masentimita pafupifupi 2, ndipo milisekondi imodzi siikadakwana theka la milimita. Wokonza anali kutembenuza mikombero ya tepi ndi manja uku ndi uku, akumvera, kufikira atapeza malo peni peni. Pamenepo anali kulemba chizindikiro ndi pensulo ya phula, kudula ndi lezala, ndi kulumikiza ndi kapepala komata. Akadula molakwa panalibe Ctrl ndi Z. Ndiponso popeza mizere yonse inali pa tepi imodzi, kusuntha woimba mmodzi yekha kunafuna kumkopera pa makina ena ndi kumbwezeranso. Ngakhale zinali zobvuta chotero anachita zodabwitsa. Kumapeto kwa 1966 George Martin ndi Geoff Emerick analumikiza kujambula kuwiri kosiyana liwiro ndi kiyi kwa nyimbo ya The Beatles yotchedwa Strawberry Fields Forever, pofulumizitsa kwina ndi kuchedwetsa kwina, ndipo polumikizira pake, cha pa mphindi imodzi nyimbo itayamba, ambiri apadutsa osapamva.

Akalewo anali kudula tepi mopendekeka, osati molunjika, kuti mau a mbali yina azizimirira pamene a mbali yinayo akulowa. Nzeru imeneyi ifunikabe lero. Mukadula chidutswa pakati kuti musunthe liu limodzi lokha, ndipo mpeni wagwera pamene funde liri pamwamba, pamveka kaphokoso konga kuthyoka kwa kamtengo kouma. Mankhwala ake ndi kudula pamene funde likudutsa pa mzere wa pakati. Mu Audacity batani la Z lisunthira malire a zimene mwasankha pa malo otere. Kenaka muike kuzimirira kwakufupi, kwa mamilisekondi 5 kapena 10, pa nsonga zonse ziwiri. Ndipo podula kugunda kwa ng'oma mudule patsogolo pake pang'ono, kuti mutu wa kugundako usadulidwe.

Pali msampha wina umene uli woopsa makamaka kwa ife oimba m'chinenero chathu. Mau athu ambiri ayamba ndi kung'ung'udza kwa m'mphuno, monga mtendere, mphatso, nkhawa, mbale. Woimba wabwino ayamba kung'ung'udzako kugunda kusanafike, kuti liu lotseguka lotsatira ndilo ligwere pa ng'oma. Tayesani kuomba m'manja mukunena kuti "mphatso". Mudzaona kuti manja aomba pa "pha", osati pa "m". Tsono pa galasi chithunzi cha liu limeneli chiyambira kumanzere kwa mzere, ndipo diso likuuzani kuti woimba wafulumira. Mukamvera diso ndi kukokera chiyambi cha chithunzicho pa mzere, mwamchedwetsa nokha woimba amene anali bwino. Ine ndinachita chimenechi pa mau atatu, ndipo ndinachizindikira pokha pokha nditatseka maso ndi kumvera.

Mtsikana uja atapulumuka ndinayesa kuti nchito yatha, koma ng'oma inali kundidandaulitsa. Pa yokha inamveka yonenepa, koma ikaphatikizidwa ndi kwaya inaonda, ngati yopanda mimba. Chifukwa chake chinali mtunda. Tinaika maikolofoni awiri: ina pafupi ndi ng'oma, masentimita 30, ndi inzake ya kwaya, mamita 4 kuchokera pa ng'omayo. Mau ayenda m'mpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye kuti mita imodzi iwatengera pafupifupi mamilisekondi 3. Kusiyana kwa mitunda iwiriyo kunali mamita 3.7, ndipo mukagawa ndi 343 mupeza mamilisekondi 10.8, kapena masampulo 476. Kugunda kumodzi kunalowa m'kompyuta kawiri, kwachiwiri kutachedwa kotero. Khutu silimva kawiri ai, koma mafunde awiriwo akakumana, pa malo ena lina likwera pamene linzake likutsika, ndipo afafanizana. Pa kuchedwa kwa 10.8 kufafanizana kugwera cha pa mafunde 46, 139 ndi 232 pa sekondi, ndi kumapitirira chotero. Ndipo kunsi kumeneko ndiko kukhala kulemera kwa ng'oma. Ndinakankha chidutswa cha maikolofoni ya pafupi kunka kumanja, sampulo ndi sampulo cha kumapeto, kufikira mitu ya mafunde a mizere iwiriyo inayang'anizana, ndipo mimba ya ng'oma inabwerera. Sindinena kuti muzitero nthawi zonse, pakuti ena asiya dala kuchedwa kumeneku kuti womvera amve kukula kwa nyumba. Muyese njira zonse ziwiri. Hugh Tracey, amene anayendayenda m'dziko lino mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za makolo athu, analibe bvuto limeneli, pakuti anali ndi maikolofoni imodzi m'dzanja, naifikitsa kwa woimba uyu ndi uyo poyenda ndi miyendo yake.

Cholakwa changa chachikulu ndachisungira potsiriza. Nditaona kuti manambala andithandiza kawiri, ndinadzikuza, ndipo ndinaganiza zoongola ng'oma yonse. Ndinadula chidutswa chake pa kugunda kuli konse, tizidutswa mazana angapo, ndinayatsa snap, ndi kukankhira kali konse pa mzere wake. Inanditengera madzulo awiri. Pa galasi zinaoneka zaudongo ngati ana a sukulu pa mzere wa m'mawa. Koma mnyamata woimba ng'omayo atamva anangopukusa mutu nati, "Ng'oma iyi si yanga."

Ananena zoona, ndipo masamu omwe aja amchitira umboni. Maimbidwe ambiri a kwathu agawa kugunda patatu, osati panayi, ndipo iye anaimba chotero. Pa liwiro la 100, manja ake anali kugwera pa 0, pa 200 ndi pa 400. Mizere yanga inali pa 0, 150, 300 ndi 450. Maginito anakokera kugunda kwa pa 200 kunka pa 150, ndi kwa pa 400 kunka pa 450. Kwina kunafulumira ndi 50, kwina kunachedwa ndi 50, ndipo ng'oma yobvinitsa inasanduka yotsimphina. Choonjezera apo, ndinaiwala kuti ng'oma yomweyo iri m'maikolofoni ya kwaya, m'mene sindinasunthe kanthu. Chotero kugunda kwambiri kunamveka kawiri. Zinthu zojambulidwa nthawi imodzi m'chipinda chimodzi ziyenera kusunthidwa pamodzi, kapena kusiyidwa pamodzi. Mwai wanga unali wakuti ndinasunga kope lina ndisanayambe kudula, ndipo ndinabwerera ku limenelo.

Nditasintha mizere kuti igawe kugunda patatu, ndinaona kuti manja a mnyamatayo agwera pafupi ndi mizere, koma osati pa iyo peni peni. Pa mavesi anali kutsalira pang'ono, ndipo pofika pa kolasi anali kutsogola ndi mamilisekondi 10 kapena 15, kwaya yonse n'kumtsatira. Nthawi ino sindinakhudze kanthu. Kutsogola kumeneko ndiko kuchititsa womvera kumva kuti nyimbo yanyamuka. Ngakhale opanga nyimbo ndi makina adziwa chimenechi. James Yancey wa ku Detroit, wodziwika ndi dzina lakuti J Dilla, amene anamwalira mu 2006, anatchuka chifukwa choika ng'oma zake dala pambali pa mizere, zina patsogolo zina pambuyo, pa makina otchedwa MPC3000. Ndipo makina akewo anaperekedwa ku nyumba yosungira mbiri ya Smithsonian ku Washington. Iye anafunafuna ndi khama chimene mnyamata wathu anabwera nacho kuchokera kumudzi m'manja mwake, ndipo ine ndinataya madzulo awiri kuchichotsa.

Pali kugunda kumodzi kokha, pa mphindi 2 ndi masekondi 41, pamene dzanja lake linatereka nachedwa zoonadi. Ndinalingalira zokukonza, koma kukadafuna kudula kwaya yonse pakati pa liu, ndipo aphunzitsi anati kukhale. Nyimboyo inaseweredwa pa phwando la a Fomu 4 iri ndi kugunda kumeneko, ndipo kufikira lero amene anakumva ndi mwini ng'oma yekha.

Makope onse atatu ndinawasunga pa kompyuta yachiwiri kuchokera ku khomo: la kuchedwa kwa 52, la ng'oma yotsimphina, ndi limene tinaseweretsa pa phwando. Amene afuna kuwamva motsatizana abwere Lachitatu ikatha nthawi ya masewera, ndipo ndidzamsonyeza kuyesa kwa hedifoni ndi maikolofoni kuja. Abwere ndi mahedifoni ake, pakuti a sukulu khutu limodzi linafa.